Nkhope ya Lucia Woyera

Lolemba, 10 Meyi 1954

Dzanja la Ababa lafika poipa. Lero supu ya nyemba yathera pa malaya. Koma m'tchalitchi amalowa chifuwa patsogolo, anthu n'kumavula zipewa: "Maestro Oreste, katswiri wojambula!" Palibe akudziwa kuti kuseri kwa chinsalu, pansanja ya pamwamba pa guwa, wojambula zithunzi za oyera pakhoma ndine Ersilia, mwana wawo wonyamula ndowa. Don Celso, wansembe wathu, atadziwa angafafanize zonse ndi laimu.

Lachitatu, 12 Meyi

Manja a Lucia Woyera atha. Ndi abwino, sindikudzitama ayi. Chabwino, ndikudzitama. Yatsala nkhope. Timamata pulasitala wa tsiku limodzi basi, utoto umalowa akadali wonyowa. Akauma, kwatha. Nkhope ilibe mawa.

Lachinayi, 13 Meyi

Ababa akuti nkhope ajambula okha. Ayesa papepala, yatuluka ngati mbatata. Basi, mawa ndijambula ndine.

Lachisanu, 14 Meyi

Ndagwidwa! Ndili pa diso lamanzere, ndangomva makwerero kwetekwete, mutu wa Don Celso uwo. Ababa ali pambali, akundigwirira mbale ya utoto.

"Mkazi pamwamba pa guwa? Tsika!"

Ine osacheuka. "Bambo, mundikalipire madzulo. Pulasitalayu sadikira ngakhale bishopu."

Atsika akupumira m'mwamba, ati mawa nkhopeyo igumulidwe. Ine ndamaliza diso, mphuno, milomo. Sindinajambulepo chinthu chokongola chonchi. Mantha andipeza pochapa maburashi. Ababa sanadye, manyazi awagwira, ndipo zandipweteka kwambiri.

Loweruka, 15 Meyi

Takwera tonse atatu m'mamawa. Don Celso apereka tchizulo ndi hamala kwa Ababa. Ababa atambasula dzanja lija kuti alione bwino, likunjenjemera.

"Chaka chachitatu ichi, Bambo. Angelo aja mumaonetsa alendo, wajambula ndi uyu. Gumulani nokha, ine ndingaphonye."

Aka n'koyamba kuti anene pakamwa pawo.

Don Celso aima pamaso pa Lucia, hamala m'manja. Achotsa magalasi, apukuta, avalanso. Belu la Misa lalira, iwo ali chiimire. Kenaka aloza malo opanda kanthu kumanja kwa khoma.

"Apa pakhala ndani?"

"Agata Woyera," atero Ababa.

"Sindikufunsa inu, Maestro." Atembenukira kwa ine. "Chemwali, Lolemba mumayamba nthawi yanji?"