Za Chikho cha Chitini cha ku Cedar Gap

Msonkhano wa Komiti ya Maphunziro a Mipingo ya Anthu Akuda
Sukulu ya Ubusa ya Cedar Gap, Trelawny, Jamaica
Lachinayi, 14 Meyi 1987, m'chipinda cha mabuku

Analipo: Abusa Lascelles Whyte (wapampando), Dr. Alistair Pennycook (mphunzitsi, mdzukulu wa mzungu amene anayambitsa tchalitchi cha pano), Mayi Icilda Barrett (mkulu wa mpingo), Verlyn Gayle (mlembi).
Sanabwere: Abusa Dunstan Reid, galimoto inawafera panjira.

1. Kutsegula
Mayi Barrett anapemphera.

2. Chikho
Wapampando anaika patebulo chikho cha chitini chimene chinapezeka m'kabati ya tchalitchi. Anati kale pa Mgonero azungu ankayamba kumwera cha siliva, akuda n'kumwera ichi pomalizira. Anafunsa chochita nacho ophunzira oyamba asanatsazike.

Dr. Pennycook anaimirira. Anati akachiona sapeza tulo, ndipo anapempha kuti achikwirire okha pamaso pa ophunzira, ngati kupepesa kwa banja lawo. Wapampando anati kumeneko n'kulimba mtima.

Mayi Barrett anafunsa ngati Dokotala anagwirapo khasu. Ena anaseka. Kenaka Mayi Barrett anati iwo ankamwera m'chikhomo ali mtsikana, ndipo amayi awo ankachikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kuwala kuposa cha siliva chija. Anati: "Mwanawe, manyaziwo ndi ako, kwirira. Koma chikhochi n'chathu. Yesu ankatipeza m'menemu."

Dr. Pennycook anakhala pansi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati iwo angaloledwe kumweramo.

Mayi Barrett anatsanuliramo madzi a m'jagi ya patebulo. Anamwa, napatsa wapampando, wapampando napatsa mlembi. Mlembi anamwa. Dokotala analandira pomalizira, ndi manja awiri. Mayi Barrett anati: "Maliza onse, ife sitinkasiya dontho." Anamaliza.



Chigamulo: chikho sichikwiriridwa. Pa Mgonero wotsazikana onse adzamwera chomwechi, mzere umodzi.

3. Zina ndi zina
Dr. Pennycook anafunsa amene adzachikweche. Mayi Barrett anati abwere kwawo Loweruka, ndimu atenge okha, phulusa lilipo.

Msonkhano wotsatira: 11 Juni. Tinatseka 4 koloko madzulo.

Wapampando: L. Whyte
Mlembi: V. Gayle