Azitona a Bambo Andikana

Zagreb, mwezi wa Juni

Okondedwa achemwali a Vinka,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu a Roko. Nanga bambo, bondo lija likuwalolabe kukwera kumunda? Ife kuno tilipo. Mkazi wanga Zdenka ali bwino, ine basi ija ndikuyendetsabe, ngakhale kutentha kwayamba msanga chaka chino.

Mukukumbukira mmene ndinalili nditabwera mwezi watha, azitona ali pa maluwa. Maso anali psuu ngati ndathiramo tsabola, mphuno chuchuchu, kuyetsemula kosalekeza. Inu munandiphikira tiyi n'kunena kuti ndi chimfine cha mphepo ya m'chombo. Bambo anandiseka, amvekere: "Tauni yakufewetsa iwe, Jerko! Mwana wobadwira pansi pa azitona n'kumalira ngati mkwatibwi?" Nanenso ndinaseka.

Chimene simunaone n'chakuti tsiku lomwe tinkatchetcha udzu kumunda wakumtunda, chifuwa chinandithina, mpweya n'kumalira ngati wenzulo. Bambo anali atatsikira kukamwa madzi. Ndinakhala ndekha pa mpanda wamiyala uja, ndikuyesa mtima ukuima.

Chombo chitangochoka pachilumba, zonse zinayamba kuphwa. Zdenka ndiye anazindikira. Anati chimfine chanji chosatentha thupi, cha mamina oyera ngati madzi, chobwera nyengo yomweyo chaka chatha ndi chino? Anachita kundikokera kwa dokotala.

Dokotalayo anadontheza timadzi tosiyanasiyana pamkono wanga n'kubaya pang'ono pa dontho lililonse. Pena ponse sipanachitike kanthu, koma pa dontho la azitona panatupa ngati pandiluma njuchi. Anati thupi langa layamba kudana ndi mungu wa mtengowu. Ndinamutsutsa kuti ine ndinakulira m'munda momwemo. Iye anati zoterezi zimatha kumuyamba munthu imvi zili kale m'mutu.

Wandipatsa mapiritsi, mankhwala opopera m'mphuno, ndi kena kopumira chifuwa chikathina. Akuti nyengo ya maluwa ndizitseka mawindo, zovala zanga zisayanikidwe panja, ndipo ndikalowa m'nyumba ndizisamba mpaka tsitsi. Aliponso majakisoni ozoloweretsa thupi, koma amatenga zaka ndipo sakulonjeza kanthu. Mafuta a azitona ndi zipatso zake akuti ndizidya, palibe vuto.

Kenako ndinamufunsa ngati ndingabwerere kwathu kukalima azitona ndikapuma pantchito. Anati popeza zafika kale m'chifuwa, iye sangandilangize kukhala pakati pa mitengoyo ikamachita maluwa, chipatala chachikulu chili kutsidya la nyanja. Ndinatuluka ndi mankhwala anga m'manja, n'kupitirira pokwerera basi osazindikira.

Achemwali, mukudziwa kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza bambo kuti andidikire. Chaka chamawa ndiye ndikupuma. Ndikamayendetsa basi m'chipale chofewa, maganizo anga ankakhala pa mundawo, mpaka anzanga kuntchito ananditcha bwana wa mafuta. Dzulo mmodzi anandifunsa kuti botolo lake loyamba alandira liti. Ndinkayesa chotsala n'kudikira kokha. Munda ulipo, bambo alipo, koma amene walephera ndi mwini lonjezo.

Pempho langa ndi limodzi. Kambiranani ndi alamu ngati mwana wanu Lucija ndi mwamuna wake angatenge mundawo, kuti usapite kwa anthu omanga nyumba za alendo. Koma chonde bambo musawauze. Ndidzabwera mu Novembala kudzathyola nawo azitona, nyengo imene mungu kulibe, ndipo ndidzawauza ndekha, maso ndi maso. Asamve kwa wina.

Lamlungu lapitali bambo anandiimbira foni. Akuti andigulira sowo yatsopano yodulira nthambi, ndipo aipachika kuseri kwa chitseko cha chipinda changa. "Isachite dzimbiri ikukudikira, wamva?" Ndinangoti ndamva, bambo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lucija ndi mwamuna wake, komanso kwa azakhali a Perina. Bambo muwauze kuti ndili bwino, chimfine chija chinatha. Zdenka akupereka moni kwa nonse.

Ine mlongo wanu,
Jerko