Makala a Bambo Goliati Kalumba

Kwa Mayi Felistus Kalumba, ana, abale ndi anthu onse a ku Mtendere ndi Kalikiliki,

Ife a Bungwe la Okonza Mabatire ku Mtendere tadzidzimuka ndiponso tasweka mtima ndi imfa ya mlangizi wathu, Bambo Goliati Kalumba, amene anatisiya sabata yatha atavutika ndi chifuwa, ndipo mpaka lero chitseko cha shopu yathu chikalira timatembenuka tonse, kuyesa ndi iwo.

Malemuwa anali katswiri woyeza miyala ku migodi, ndipo ntchito itawathera pamene makampani a boma ankagulitsidwa, sanakhale manja lende. Anadzipereka kupanga batire lopereka magetsi pokoka mpweya. Kumayiko akunja mbali yokoka mpweyayo amaipaka pulatinamu, chitsulo chodula chimene ife sitinachionepo, koma iwo ankafuna kuti ntchito yomweyo igwiridwe ndi makala a zitsononkho osakaniza ndi ufa wakuda wa m'mabatire otha a tochi. Tinkawaseka kuti akufuna kuphika magetsi, koma tsiku limene babu linayaka pamaso pathu pamsika, phwete lonse linatithera.

Pali nkhani imene ikutisowetsa mtendere. Makala amene anawakonza chaka chathunthu, mwa njira imene anali asanatiphunzitse, anali m'thumba kuseri kwa chitseko cha kunyumba kwawo. Monga mwa mwambo, katundu anatulutsidwa m'nyumba kuti amayi olira apeze pokhala, ndipo ophika ataona makala anawathira m'mbaula. Tiyi wake tinamwa tonsefe. Mayi Kalumba atazindikira anafumbata thumba lopanda kanthulo, nati, "Ba Goliati benze kukamba ati musagwileko aya malasha. Manje nikabapeza nizabauza chani?"

Mayi, tamva kuti kuyambira tsikulo simukudya, ndiponso kuti ena pabanja akukulozani chala. Tikupempha abale mwaulemu wonse kuti zimenezi zithe, pakuti namfedwa sayang'anira mbaula pa maliro a mwamuna wake. Ntchitoyo yapsa, ndipo ifenso ikutipweteka, koma ana ataya kale kholo limodzi, asatayenso lachiwiri.

M'malo mwa mamembala onse ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima, ndipo tikupemphera kuti Chauta akulimbitseni pamene ife mawu atiperewera. Loweruka tibwera kunyumba, Mayi, ndipo sitinyamuka mpaka titakuonani mukudya.

Benard Chibwe
Wapampando
Mtendere, Julaye 1997