Kamtima kanali kugunda

[09:41] Mlamu: iwe usandizungulitse. mkazi wanga ali ward iti

[09:42] Chitsiriza: alamu musalembe pa group pano, sisi awerenga. angochoka ku theatre dzulo, sakutha ndi kukhosomola komwe

[09:42] Mlamu: awerenge. mayi anga akuti wachotsa mimba ine ndili kuntchito ku site. zoona kapena bodza

[09:45] Chitsiriza: mimba inakhala mu tube osati mchiberekero. inayamba kutaya magazi mkati. ndinawapeza atagwa mbafa milomo itayera mbee

[09:45] Mlamu: ndakufunsa za mwana wanga

[09:46] Chitsiriza: kanali kakang'ono ngati nyemba alamu

[09:46] Mlamu: kamtima

[09:52] Chitsiriza: pa scan kamagunda. koma adokotala anati pomwe kanalipo sikakanakula

[09:52] Chitsiriza: [uthengawu wafufutidwa]

[09:53] Mlamu: wachedwa kufufuta, ndawerenga kale kuti kamagunda

[10:07] Mlamu: [voice note 0:41]

[10:08] Chitsiriza: mukuphwanya chani kumeneko?? alamu plz

[10:10] Mlamu: kabedi ka mwana. ndinakawotcherera ndekha, penti yoyera, mawilo anayi. nde kagonemo ndani, iweyo?

[10:11] Mlamu: chinthu chogunda mtima ndi munthu. mwapha munthu inu awiri

[10:12] Chitsiriza: nanga wa sisi sumagunda? nurse anachita kuusakasaka pa mkono osaupeza

[10:13] Mlamu: bwenzi mutadikira. Mulungu amasuntha mapiri, akanalephera kusuntha kamwana?

[10:14] Chitsiriza: tikanadikira bwenzi lero mukuwotcherera mtanda wa pamanda

[10:14] Mlamu: pakamwa pakopo ndidzakuphwanya

[10:39] Chitsiriza: wa taxi amene anatipititsa kuchipatala uja wandiimbira akulira. mwamuthyola mano chifukwa chonyamula wodwala??

[10:40] Mlamu: wanena chipatala chake. yatsala ward

[10:41] Chitsiriza: ndauza a security pa gate. malaya a ovololo, chipsera pachibwano. simulowa

[10:42] Mlamu: gate imeneyo ndinaimanga ndine mwana iwe. ndikudziwa mbali yomwe simakhomeka

[10:43] Chitsiriza: ndikuimbira apolisi

[10:43] Mlamu: imba. uwauzenso za amene mwaphayo

[11:18] Sisi: ndawerenga zonse

[11:18] Chitsiriza: sisi zimitsani foni mugone. ndangopita kunyumba kukatenga zovala ndikubwera

[11:21] Sisi: bambo, kamtimako inu mwangouzidwa. ine ndinakamva ndi makutu anga. ndinapempha kuti ndikamvenso kachiwiri, kenako ndinasaina ndekha. mng'ono wangayu musiyeni, wa taxi musiyeni

[11:23] Sisi: ngati anali munthu kale sindikudziwa. ine ndinali nditayamba kumulankhula ndikamachapa. koma sindinafune kufa. ndanena

[11:24] Mlamu: ward iti

[11:24] Chitsiriza: SISI AYI

[11:27] Sisi: ya amayi, pamwamba, bedi la pawindo. ndatopa kubisala

[11:28] Sisi: ulusi uli kumanzere. lero mukamamenya menyani kumanja

[11:29] Chitsiriza: [missed call]

[11:29] Chitsiriza: [missed call]

[11:31] Chitsiriza: sisi itanani nurse akhale pompo. ndili mu bus yaima pa maloboti

[11:36] Chitsiriza: alamu ndagwira mwendo wanu. ndimenyeni ine, ndine ndinawanyamula

[11:44] Chitsiriza: sisi

[11:44] Chitsiriza: olo ka dot kokha