Tepi ya Maliro a Kenan

South Bend, Indiana
16 Meyi 2004

Achimwene a Lucious,

Ndayamba ndi moni chifukwa ndi mmene anatilerera, osati chifukwa choti mtima wanga uli m'malo. Muli bwanji kumeneko ku Luchenza? Alamu ndi ana akudzuka bwanji? Nanga amayi, miyendo ija yaleka kutupa? Mng'ono wanga Flora akuti amayiwo sakudya bwino chiyambire tsiku la tepi lija. Ine kuno thupi lili bwino, ndikugwirabe ntchito kuchipatala kuja. Chisanu chatha, mitengo yaphuka, koma ine sindikuonapo chokoma.

Mawu anu andipeza. Simunandiuze ine, munakauza anthu ku tchalitchi, ndipo mawu oyenda choncho amafika ndithu ngakhale kuno ku Amereka. Akuti mukunena kuti Sophia wapenga nacho Chizungu, wasandutsa maliro a mlongo wake kukhala sewero, ndipo mwina Kenanyo sanaikidwe n'komwe mwaulemu. Ndaimba foni kusitolo kwa a Lyson kangapo kuti ndilankhule ndi amayi. Nthawi zonse mumabwera ndinu, n'kumati amayi atopa. Khadi langa la foni limatha ndikumvera inu mukupuma. Ndiye ndati ndilembe, popeza pepala simungalidule mawu.

Kenan atamwalira ku Indianapolis mu Febuluwale, sitinathe kutumiza thupi kumudzi. Tinagwirizana tonse, inu nomwe munavomera, kuti aikidwe konkuno, koma tijambule mwambo wonse pa vidiyo kuti amayi aone ndi maso awo pamene mwana wawo wagona. Ine ndinawalonjeza zimenezo ndi pakamwa pangapa.

Wojambula anali Dixon, munthu wamkulu ndi ndevu zake, wa ku Zomba, amene akuphunzira pa koleji ina kuno ku South Bend. Pakati pa Amalawi a kuno ndi iye yekha ali ndi kamera yooneka, ndipo amainyamula ngati khanda. Pa ukwati ndi iye, pa ubatizo ndi iye. Anthu amamutcha kuti a dairekita, iye n'kumavomera. Tsiku la maliro anafika mpaka posuntha abusa kuti akumutchinga kuwala.

Chimene anachita ndi ichi. Atabwerera kwake anasamutsa zonse kuchoka mu katepi ka kamera n'kuziika pa tepi yaikulu ya deki. Katepi kaja anakafufuta sabata yomweyo pojambula chinkhoswe cha anthu ena. Tepi yaikulu sanailembe dzina, ndipo sanathyole kapulasitiki kaja amathyola kuti tepi isajambulikenso. Anaionera mpaka pamene bokosi likutuluka m'tchalitchi, anakhutira kuti zithunzi zake zakongola, n'kuisiya m'deki momwemo. Chonsecho dekiyo anali ataitchera kale kuti ijambule yokha filimu ya pa TV imene aphunzitsi awo anawauza kuti aonere. Iye ali ku ntchito, makina anachita zimene anauzidwa. Kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka kumanda, zonse zinadyedwa.

Anandipatsa tepiyo mu envelopu, akumwetulira. Ine ndinapita nayo ku Indianapolis, pa sitolo ina ya mu Lafayette Road pamene amasintha matepi, chifukwa a kuno sawoneka pa makina a kwathu. Mwini sitolo anangokopera zonse mmene zinalili, si ntchito yake kufunsa. Madzulo ake tepi yokoperayo ndinaipereka kwa Pamela, mnzanga uja anabwera kumeneko ku holide. Mudzafunsa kuti nanga iwe bwanji sunaionere usanatumize. Funsani. Ndinali nditamuika kale mlongo wanga kamodzi, ndinalibe mphamvu yomuikanso pa TV.

Tsono tibwere kwa inu, a mkulu wa banja. Ndinamutuma Pamela momveka kuti tepi imeneyi muyambe mwaonera apabanja nokha, m'nyumba, amayi ali pamphasa pawo. Pamela akulumbira kuti anakuuzani. Inu munakabwereka TV, deki ndi batire kwa a Lyson, munakapempha holo ya sukulu, munaitana amfumu, amayi a tchalitchi, mpaka anthu amene sanatipatsepo moni chimwalirire abambo. Mumafuna Luchenza yense aone kuti mng'ono wanu anapita m'bokosi lonyezimira, pa galimoto yaitali. Flora akuti munavala jekete ija ndinakutumizirani, ndipo munali ndi kandodo kolozera pa TV, kumauza anthu kuti uyu ndi dokotala, uyo ndi pulofesa, anthu oti simunawaonepo.

Ndiye bokosi lija litafika pakhomo la tchalitchi, chithunzi chinanjenjemera, mitundu yonse inachoka, panatsala zakuda ndi zoyera. Kunamveka kanyimbo kachisangalalo, n'kutulukira mzungu wonenepa wandevu zapamlomo, akuthamanga atakhwapatira tsekwe. Anayamba kuseka ndi ana, kenako madoda a kumbuyo. Anawo sindiwaimba mlandu, munthu wogwera mu ufa amaseketsa kulikonse.

Inu munatani, achimwene? Munati mukukafuna a Lyson kuti adzaone makina, ndipo simunabwerenso. Munasiya Flora yekha ndi amayi pakati pa phwete limenelo.

Zimene Flora anandiuza pambuyo pake ndi zimene zikundisowetsa mtendere. Akuti amayi anamufunsa kuti azungu amenewa ndi ndani, kapena ndi anzake a Kenan a kuntchito, nanga bwanji akudya ndi kuvina thupi lisanalowe m'manda. Flora anayesa kufotokoza kuti tepi yalakwika, anafuna kuzimitsa. Amayi anamugwira dzanja. Anati asiye, mwina akatha kusewerako atitengera kumanda. Anakhala pomwepo, pa mpando wa ana a sukulu, akuluakulu onse akutuluka mmodzimmodzi, mpaka filimu inatha. Kumapeto kwenikweni kunaonekadi kachidutswa ka tsiku lija: misana ya anthu akubwerera ku magalimoto. Basi. Ndi maliro onse amene amayi anaona a mwana wawo.

Nditamva ndinathamangira kwa Dixon. Anati sore, inali ngozi. Ndikanamumvera mwina akanalekera pomwepo. Koma munthu wa sukulu sadziwa potsekera pakamwa. Anayamba kundiphunzitsa. Akuti filimu imeneyo si yamasewera, anapanga ndi Afalansa mogwirizana ndi Ataliyana pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ija, ndipo siipezeka wamba. Akuti anaijambula mizinda ili m'manja mwa asilikali, chakudya chikusowa, anthu akufa, koma mu filimu monsemo mulibe mfuti ngakhale imodzi, chifukwa anthu amafunika kuseka kuti asapenge. Akuti ndikaganiza bwino, imagwirizana ndi maliro. Anatinso Kenan anali munthu wokonda nthabwala, ndipo akanakhala moyo akanaseka nazo.

Pamenepo ndinaimirira. Ndinamuuza kuti Kenan akanasekadi, ndikumudziwa, koma mawu amenewo si oti atuluke m'kamwa mwa iye. Ndinamuuza kuti Afalansa akewo amagula okha matikiti kuti akaiwale akufa awo, pamene amayi anga anayenda ndi miyendo yotupa kuti akaone wakufa wawo. Mukudziwa chimene anafunsa ndikutenga tepi yoyambirira ija, imene ndinapita nayo kukamuonetsa? Anafunsa ngati ndingamubwerekeko kaye mpaka alembe mayeso. Ndinatuluka osatseka chitseko.

Ndaionera filimuyo, achimwene, yonse. Poyamba ndimathamangitsa, kenako ndinabwereza pang'onopang'ono, kuti mwina pakati penapake patsala kachidutswa ka manda. Palibe. Ndi nkhani ya wophika buledi amene akunamizira kulemera kuti akwatire mwana wa mwini hotela. Amabisala mu wadiropu, amavala chipewa cha eni, tsekwe uja amamulondola paliponse. Pomaliza onse amavina mozungulira tebulo. Ndikuwada onsewo, wonenepa uja, mtsikana uja, ndi tsekwe yemwe. Pano ambiri a iwo anafa kalekale, ndipo sindikukayika kuti abale awo anaona manda awo.

Amalawi a kuno agawanika. Ena akuti ndikhululuke, munthu salakwira mtengo. Abusa anabwera kudzandiwerengera mavesi, ndinawapatsa tiyi n'kuwaperekeza. Pa 6 Julaye kuli chisangalalo cha ufulu wa Malawi ku Indianapolis, ndipo wojambula ndi Dixon yemweyo, choncho ine ndapempha kale shifiti ya tsiku limenelo. Ndazungulira onse amene anali kumanda kufunsa zithunzi. Onse akuti sanajambule chifukwa amaona kuti a dairekita alipo. Zimene ndapeza ndi za anthu akudya mu holo, ndi chimodzi cha nkhata chimene ndaika muno. Galimoto yanganso yayamba kutaya oilo ndi maulendo amenewa.

Pempho langa ndi limodzi. Flora akuti amayi salankhula za tepi, koma amabwereza funso limodzi: dziko lozizira chonchija, alipo amene anamufunditsa? Mawu ali m'munsiwa muwawerengere mmene ndalembera. Musawonjezere mchere wanu, musachotsepo kanthu, musaitane munthu. Ngati zikukuvutani, mupatseni Flora kalatayi, iye sathawa.

Amayi, ndine Sophia. Azungu munaona aja sanali pa maliro. Ndi anthu a m'sewero lakale, samudziwa Kenan, ndipo pa maliro a mwana wanu panalibe woseka. Titatuluka m'tchalitchi tinayenda pa magalimoto, nyali zili zoyaka masana, ndipo magalimoto ena pamsewu amaima kutipatsa njira. Manda ali pamalo oyera, pafupi ndi mtengo waukulu. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, choncho anakumba ndi makina, koma dzenje linali lakuya bwino, ndinasuzumiramo ndekha.

Kuno mwambo wawo ndi woti anthu amachoka bokosi likadali pamwamba, antchito n'kumakwirira okha pambuyo. Ife tinakana. Mkulu woyang'anira manda anati sizichitika, kukuzizira, tipite. Azimayi a ku Indianapolis anangoyamba nyimbo, ndipo palibe anasuntha. Potsiriza anabweretsa mafosholo. Amuna anavula makhoti n'kumalandizana ngati adzukulu a kwathu, manesi, madalaivala, ana a sukulu, mpaka mtumbira unakwera. Poika nkhata anayamba kuitana amayi a malemu. Ndinadzuka ine m'malo mwanu, ndinagwada, n'kumuuza kuti iyi ndi ya amayi ako, a ku Luchenza.

Za funso lanu lija. Mukukumbukira chitenje chobiriwira chija munavula m'chiuno pa bwalo la ndege n'kundipatsa, chopsa pang'ono kumphepete? Asanatseke bokosi ndinapempha kuti onse atuluke. Ndinamufunditsa nacho kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, ndipo kumapaziko ndinapindira mkati, mmene mumachitira ali mwana chifukwa amakonda kutaya zofunda. Pamenepo panalibe kamera, amayi. Tepi ikanafika yabwinobwino simukanazionabe zimenezi. Mwana wanu sanagone pambalambanda, anagona m'nsalu yanu.

Mulekezere pamenepo, achimwene.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, kwa amalume ndi azakhali a kuseri kwa njanji, ndi kwa a Lyson amene amatisungira foni. Flora mumuuze kuti ndamuthokoza chifukwa chokhala pambali pa amayi mpaka TV inazima. Inu moni wanu ndakupatsani kale koyambirira kuja, akukwanirani.

Amayi okha musawapatse moni wanga. Ndidzawapatsa ndekha. Ndiimba Lamlungu loyamba la Juni, mukaweruka ku tchalitchi. Akamva mawuwa n'kukanabe kundilankhula, ndidzapirira, ndi ufulu wawo, bola wodzandiuza zimenezo akhale Flora. Koma ndikadzamvanso mawu anu pa foniyo, ndidzadziwa kuti simunawawerengere.

Ndine mlongo wanu, ngakhale mukundikana m'misewu,

Sophia