Kapu ya Thobwa Imene Ndinakana Kulawa

Chiringa, Phalombe
9 Febuluwale 1999

Okondedwa achimwene a Augustine,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Muli bwanji ku Kasunguko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Kuno tiliko. Amayi mwendo uja waleka kutupa, ndipo chimanga chayamba kumasula. Wodwala ndine, koma si matenda a kuchipatala.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito mu lesitilanti ya amalume a Dickson pamsika pano. Mbali yanga ndi ya zakumwa. Munthu akakhala pansi ndimamufunsa chimene amwe, kaya tiyi, kaya za m'botolo, kaya thobwa. Za m'botolo sizivuta, ndimatsegula mwini wake akuona. Nkhani ili pa thobwa.

Akazi awo a amalume, a Peggy, salola dontho kutayika. Makapu akabwerera kukhitchini, zotsala zonse amakhuthulira mundowa momwe timatungamo. Za mwana wa mamina, za agogo a fodya m'kamwa, zonse mommo! Amavundula, kuwonjezera shuga, basi ati latsopano. Nditadandaula anandiyankha kuti mtsikana wodya kwa eni asamatalike mlomo. Koma ine thobwa limenelo sindiliyika pakamwa.

Tsiku la msika lapitali kunabwera a Makina, bambo ake a Phillip, mnyamata amene akufuna kundikwatira uja. Anapalasa njinga kuchokera kwa Mkhumba kuti adzaone mtsikana amene mwana wawo wasankha. Mmawa womwewo mu lesitilanti munali mutalowa wogulitsa matemba wina, wachifuwa chosalekeza. Anakhosomolera m'kapu, n'kulavuliramo ndithu, ine ndikuona ndi maso angawa. Kapu imeneyo a Peggy anaikhuthulira mundowa.

Ndiye a Makina ati akufuna thobwa! Ndinayesa kuwanyengerera kuti tiyi ndi wotentha bwino, za m'botolo n'zozizira. Anakana akuseka, ati sanavutike ulendo wonsewo kudzamwa za pa sitolo, akufuna thobwa lochokera m'manja mwa mpongozi wawo. A Peggy anatunga okha, n'kundipatsira kapu.

Ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri. Iwo anandibwezera mwaulemu, n'kunena m'Chilomwe kuti mwini wake ayambe wachotsa ufiti. Mwambo wathu mukuudziwa: wopereka amayamba walawa.

Achimwene, ndinayesetsa. Ndinaifikitsa kapu pamlomo, koma pamwamba pake pankayandama kanthu konanda. Ndinaiika pansi, n'kuthamangira kuseri, ndinasanza mpaka misozi. Ndamva kuti madalawo anapereka kapu kwa a Peggy kuti alawe iwo. A Peggy ati amadwala shuga. Shuga wake uti, munthu womwa tiyi wa masipuni osawerengeka? A Makina anangovala chipewa n'kukwera njinga yawo.

Panopa kwa Mkhumba dzina langa lanunkha. Ena akuti ndinathira mankhwala m'kapu kuti ndiphe madala, ena akuti kusanza kuja ndi pathupi pa mwamuna wina. Za chinkhoswe chimene tinkati chichitike tikakolola aziimitsa. Phillip anabwera, anaima pamsewu osalowa, n'kundifunsa funso limodzi lokha, kuti n'chifukwa chiyani ndinakana. Sindinamuuze za ndowa, poti amalume anali chilili pakhomo akundiyang'ana. Phillip anabwerera mutu uli pansi, ndipo zikundipweteka kwambiri, chifukwa mnyamatayo ndimamukonda.

Tamvani tsono nzeru za amalume. Akuti Lamulungu lomaliza la mwezi uno tinyamule thobwa m'chigubu, tipite kwa Mkhumba, ndikamwe kapu yathunthu pamaso pa onse, ndikanene kuti tsiku lija anali manyazi. Akuti ndikangotchula za ndowa, a zaumoyo atseka lesitilanti, poti ino ndi nyengo ya kolera, ndipo ine ndikafune nkhoswe ina. Anthu osachita manyazi! Amayi akungolira, ati ndimvere, mlongo wawoyo ndiye mwini mbumba.

Mwina tsiku limenelo adzaphika labwino, sindikudziwa. Koma taganizani. Ndikakamwa, a Makina azibwera tsiku la msika lililonse kudzamwa malovu a anthu ndi mtima umodzi, poti mpongozi wawo analawa. Ndipo wowapatsa ndidzakhala ine, nditagwada.

Sindimwa, achimwene. Ndikanena zoona, ngakhale ndichotsedwe ntchito. Koma mtsikana salankhula yekha pabwalo la eni. Ndinu wamkulu m'mimba mwa amayi, ndiye chonde pemphani tchuthi, mubwere mudzakhale nkhoswe yanga. Simukanena zambiri ayi, mukangokhala pambali panga kuti aone kuti ndili ndi kwathu. Mukalephera ndipitabe ndekha, ndipo akandikana andikane atamva chimene chinali m'kapu muja.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Violet, ndi kwa Ufulu ndi Tikondwe. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira.

Ndine mlongo wanu,
Atikonda