Chitsamba Chanu Chandipeza ku Doha

Amayi anga, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ndili bwino tsopano. Mwezi wathawu sindinali bwino, koma nkhani imeneyo ndifika nayo. Ndiyambe ndi zokoma, monga munkachitira inu mukamachokera kumsika: zitumbuwa poyamba, madandaulo a mitengo ya zinthu pambuyo.

Mchemwali wanga Esnati anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Ndinamunyamula ndi manja angawa, chifukwa kuhotela anandipatsa holide ndipo ndinapita kumudzi mu Malichi. Akafuna kulira amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira polowetsa ulusi m'singano. Mondokwa tinadya mpaka nsagwada kuwawa. Panopa akolola, ndipo Esnati wandiuza pafoni kuti nkhokwe yadzaza, mtedza wokha ndiwo sunachite bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa, koma khalidwe lolowa m'dimba la eni silinathe. Denga la khitchini likudontha mbali ya kumsewu.

Kumanda ndinapita. Ndinalambula, ndinakhala pansi, koma mawu sanatuluke. Mukundidziwa. N'chifukwa chake ndikulemba.

Kunyumba neti yabwino inali imodzi yokha. Ndinati agonemo Esnati ndi mwana. Ine ndinagona pamphasa, n'kumadziuza kuti ndinakulira pomwepa, udzudzu wa pano umandidziwa.

Nditabwerera kuno ndinapitiriza ntchito yanga ija ya ku laundry, kusita nsalu za pabedi ndi kupinda mataulo. Pasanapite nthawi yaitali, tsiku lina masana ndinayamba kunjenjemera ndili pakati pa makina otentha. Anzanga thukuta lili kamukamu, ine mano akugundana. Iwo anati ndi mphepo ya AC. Ine ndinadziwa. Mutu uja, msana uja, m'kamwa mowawa muja, munthu wa kwathu safunsa.

Sindinauze aliyense. Kuno timamva kuti pali matenda ena omwe akawapeza m'magazi mwako amakukweza ndege basi. Sindinkadziwa ngati malungo ali m'gulu limenelo, ndipo ndinkaopa kufunsa, poti ukafunsa anthu amadziwiratu kuti ndiwe. Ndinkaganiza za Esnati ndi khandalo, ndi denga lija, kuti ndikabwezedwa awathandize ndani. Ndinkangomwa panado n'kukwera basi ya kuntchito.

Ndimagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa ku China, dzina lake Lin. Amagwira ku spa, kumene alendo amakasisitidwa thupi. Ndi wolongolola kwambiri, ndipo Chingerezi chake n'chothyokathyoka ngati changa, ndiye timamvana bwino. Lachisanu, tsiku lathu lopuma, anandipeza nditafunda mabulangete awiri, langa ndi lake. Anandigwira pamphumi, ananena mawu ena m'chinenero chawo omwe ndikukhulupirira kuti sanali pemphero, n'kukoka sutikesi kunsi kwa bedi. Munali timapaketi tapepala tomwe amayi ake anamumangira pobwera kuno. Anamasula kamodzi. Ndinaona masamba ouma, timizu todula bwinobwino, makungwa, ndi tizidutswa tina tolimba. Nditafunsa anati n'chigoba cha nkhasi.

Ndinati, "Lin, kwathu nkhasi sitimwa."

Iye anati, "Uyamba lero."

Anaziwiritsa m'kapoto kake. Fungo litandifika ndinadzuka n'kukhala tsonga. Amayi, chinali chitsamba chanu chija! Chakuseri kwa khitchini, cha masamba onga a karoti, chimene azimayi a kutchalitchi anakupatsani mbande yake n'kukuuzani kuti ndi atemisiya. Lin anati kwawo amachitcha chinghao, ndipo makolo awo akhala akuchisakaniza ndi mizu imeneyi kuyambira kalekale, thupi likamatentha ndi kuzizira mosinthana. Misozi inangotsika. Iye ankayesa kuti ndikuopa kuwawa kwake, n'kumandigwedezera shuga kumaso ngati mwana.

Munkatiuza kuti, "Imwa usanaganize, ukaganiza pakhosi patseka." Ndinatseka maso n'kumwa. Kuwawa kwake n'komwe kuja, sikunasinthe ndi ulendo.

Kutacha ndinadzuka wopepuka. Ndinapita kuntchito ndikuti zatha, palibe amene adziwe. Koma malungo aja anabweranso, kuposa poyamba. Ndinapempha Lin kuti andiwiritsirenso. Anakhala pamwamba pa sutikesi yake n'kupinda manja.

"Khalas," anatero. Ndi liwu la Chiarabu limene tonse tinatola kuno, kutanthauza kuti basi. "Amayi anga anamanga izi kuti ndizimwa thupi likatentha pang'ono. Iwe si pang'ono. Mapilisi a kuchipatala anachokera m'tsamba lomweli, koma aja ndi oyezedwa, amamaliza ntchito. Upita wekha kwa supervisor, apo ayi ndikanena ndine. Ndipo ine ndikamanena ndimawonjezera."

Amayi, pamenepo ndinakuonani inu. Masiku anu omaliza munkamwa chitsamba chija, kupezako bwino, kupita kukapalira, n'kudzagonanso. Tikati tikabwereke njinga munkati, "Musavutitse anthu, ndi malungo chabe." Pomwe tinkafika nanu kuchipatala anali atakwera kumutu. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikungoti ndinakutengerani ndendende, mpaka kubisa kwake.

Ndinapita ndekha. M'njira monse ndinkayeserera mawu, chifukwa supervisor wathu ndi mayi wolankhula mothamanga ndipo sindinayambe ndalowapo mu ofesi mwake osaitanidwa. Ndinaima pakhomo n'kugogoda. Ndinati, "Madam, ndikudwala. Ndikuganiza kuti ndi malungo. Ndinawatenga kwathu." Kenako ndinafunsa maso ali pansi, "Kodi mundibweza?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kuti, "Ndikubweze chifukwa cha udzudzu? Mataulo anga apinde ndani? Yalla, fulumira, tenga ID yako, galimoto ili panja."

Kuchipatala anandifunsa ngati ndinayenda kunja kwa dziko posachedwa, ananditenga magazi, n'kupeza kuti ndi omwewo. Anandigoneka masiku angapo pa dripu. Potuluka anandipatsa mapilisi, ndipo nditatsegula ndinatsala pang'ono kuseka. Achikasu, ngati LA yemwe amapereka pachipatala cha kwathu. Ndauluka ulendo wonsewu kudzalandira LA! Ndinamwa onse osasiyako ngakhale limodzi, ndi mkaka monga anandiuzira. Adokotala anandifotokozera mofatsa kuti munthu ukakhala zaka kutali ndi kwanu, thupi limaiwala kulimbana ndi malungo. Ndiye kuti udzudzu wa kwathu unandiona ngati mlendo, Amayi. Zinandipweteka pang'ono kumva zimenezo, koma ndi zoona.

Panopa ndabwerera kuntchito ndipo ndikudya ngati wobwera kumunda. Ndinamuphunzitsa Lin liwu loti nkhasi, ndipo ndalakwitsa, chifukwa tsopano ndi dzina langa. Amandiitana choncho ngakhale m'basi, akuti ndimabisa mutu m'chigoba. Sindikwiya.

Ndinamupempha Esnati kuti ajambule kuseri kwa khitchini. Chitsamba chanu chikadalipo, chinadzigwetsera mbewu chokha, ndipo chatalika kufika pawindo. Lin anatumiza chithunzicho kwa amayi ake. Akuti anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti anachibzala ndani kutali konseko. Ndinamuuza Lin dzina lanu, iye n'kulitchula pafoni pang'onopang'ono, molakwitsa, koma linali lanu. Tsopano kuli mayi wina ku China amene akukudziwani.

Esnati ndamuuza kuti chitsambacho asadule, n'chanu. Koma mwana akangotentha thupi, akabwereke njinga tsiku lomwelo. Agogode pakhomo paliponse, avutitse mudzi wonse. Maneti atsopano agula kale, ndipo ina aiika padera, ya ine.

Inenso ndikukulonjezani, Amayi. Ndikadwala ndizinena. Ndipo ndikadzabweranso kudzalambula pamene mwagona, sindidzangokhala chete ngati ulendo uja. Ndidzakupatsani moni mokweza, kuti mumve.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Loveness